Kompyuta Yovala Jekete

Pa siteji ya basi, mayi wina atafukata kompyuta ankadandaulira bambo amene anakhala naye pabenchi.

"Mlamu wanga analonjeza kudzaiona, mpaka lero zii. Anaipanga yekha polumikiza zipangizo mwana wanga, malemu. Ndikati ndione zithunzi zake, imazima n'kuyakanso yokha."

"Ikamatero imakhala itatentha?"

"Ngati simbi yositira."

"Mumaiika pati, mayi?"

"M'kabati. Ndimaifunditsa jekete lake."

"Ndiye ikubanikatu. Kafani kam'katimo kakusowa mpweya. Chotsani jeketelo, apo ayi tsiku lina idzapsa ndi zithunzi zomwe."

"Ndiuzeni njira ina, bambo. Fani wamkulu ndigula."

"Ngakhale mugule awiri. Mpweyawo ulowera pati?"

"Mwiniwake anatsirizika m'chipatala akulira kuti akuzizidwa. Jeketelo silichoka."