Mabawuti Owonda a ku Gadzema

Chaka chimene dizilo anasowa, pa siteji ya Chegutu, mayi wina atatopa kudikira kombi anasuzumira m'chidebe cha bambo amene anakhala naye pafupi.

"Pepani bambo, mabawuti anuwa awonderanji pakati chonchi? Njala yawapeza nawonso?"

"Ndawapala dala, mayi. Ndi omangira chitsulo chotsitsira anthu mumgodi, chimene timachita kusenza pamutu mpaka ku Gadzema. Makosi atha."

"Ndiye saduka amenewa?"

"Bawuti limadukira pamene pamalowa natipo, osati pamimba. Likawonda pakati limatamuka pang'ono, ndiye silitopa msanga."

"Kunena n'kosavuta, bambo. Mwana wanga amatsika m'maenje omwewo."

"Wangansotu amatsika, mayi. N'chifukwa chake tsiku lililonse tikamanga chitsulocho, woyamba kulendewera pachingwepo ndimakhala ineyo."