Mbale Isayende Yopanda Kanthu

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1968 kwa Kabudula, ndipo anapatsidwa dzina loti Nelia. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Rabson, mlongo wawo wopondana nawo.

Anayamba sukulu mu 1975, nalekezera Fomu 2 mu 1986 chifukwa chosowa fizi. Bambo athu anayenda khomo ndi khomo kupempha thandizo, nabwerera chimanjamanja. A Nelia sanaiwale. Moyo wawo wonse ankafuna kudziwa chimene chimatsegula dzanja la munthu.

Mu 1990 anamanga banja ndi a Cornelius Gibson, amene ankagwira ntchito m'minda ya kafukufuku ku Chitedze. A Cornelius anatisiya mu 2004.

Mu 2006 malemu analowa bungwe la Tisawasiye, losamalira ana amasiye ku Nsaru, ntchito yawo ili yofunafuna thandizo. Mu 2013 bungwe linawatumiza ku Lilongwe kukaphunzira mmene anthu amaganizira akamapereka. Anabwerako akuseka, ati awapatsa satifiketi ya zinthu zimene anaziphunzira kale pamsika.

Ambiri muli panonu munakodwapo, musakane. Malemu sankanena kuti pali ana mazana awiri ovutika, poti ati chiwerengero sichiliza munthu. Ankakutchulirani mwana mmodzi, dzina lake ndi kalasi yake. Sankapempha ndalama zankhaninkhani, ankapempha lata limodzi, n'kukunong'onezani kuti a Umali a pagolosale apereka kale lawo. Mukapereka, pasanathe masiku atatu njinga yawo ili pakhomo panu kudzathokoza. Ineyo anandithokoza mpaka mbuzi zanga ziwiri zinapita ndikumwetulira.

Koma chimodzi anachikana kwamtuwagalu. Mu 2019 alendo ena opereka thandizo anafuna zithunzi za ana atavala sanza, kuti anthu akunja agwidwe chisoni. Malemu anati mwana wamasiye si chikwangwani. Thandizolo linapita, ndipo ena tinawanena kuti ndi amakani. Ndinali mmodzi mwa onenawo, ndipo lero zikundiwawa. Malemu anatembenukira kwa ife tomwe: ogulitsa tomato, akabaza, mpingo ndi mzikiti, mpaka makoma a sukulu ya mkombaphala ya ana amasiyewo anakwera.

Lamulo lawo lalikulu linali loti mbale yosonkhera isayende yopanda kanthu, chifukwa munthu amaopa kukhala woyamba. Nthawi zonse ankayamba aponyamo chawo.

Anayamba kudwala khansa mu Epulo chaka chino. Anagonekedwa kuchipatala cha mishoni ku Namitete pa 2 Okutobala, ndipo anamwalira pa 17 Okutobala 2024 masana, ali ndi zaka 56. Masiku onsewo sanadandaule za ululu. Nkhawa yawo inali denga la sukulu ija. Malata alipo theka, makomawo anamangidwa ndi dothi, ndipo mvula yoyamba ikawapeza ali pamtetete adzagwa, ana n'kubwerera pansi pa mtengo.

Asiya ana atatu, Mirriam, Zikani ndi Queen, zidzukulu zisanu, komanso ine mlongo wawo, amene ndatsala ndekha m'mimba mwa mayi athu.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amvano amene sanatisiye, adzukulu okonza manda, ndi mayi Hajra amene galimoto yawo inanyamula wodwala katatu osafunsa za mafuta. Tikanayenera kufika pakhomo panu aliyense pasanathe masiku atatu. Mutikhululukire, mwini njinga wagona apayu.

Dzulo, potsegula chikwama chimene anali nacho kuchipatala, tapezamo kathumba ka misomali ya malata, ndi kapepala kolembedwa dzina langa kondiuza poyiika. Mbale ya chipepeso yadutsa kale. Imene ikubwerayi ndi ya denga, ndipo mukailandira mumva kuti ikulemera. Palibe wa inu amene akhale woyamba.

Achemwali, mwayenda mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.