Golide wa M'turubo ya Baltazar

M'mawa wa tsiku la ukwati wa mwana wake Zélia, Baltazar anabwera kuchokera kometetsa mluzu uli pakamwa, n'kupeza galimoto yake ili yasaa pansi pa mtengo wa masau, zam'mimba zili mbwee pa chiguduli. Pambali pake panali mlamu wake Ambrósio, wokumba golide kumaenje a kuseri kwa Fíngoè, akuzunguza basiya, beseni lake lotsukira golide, mofatsa ngati ali kumtsinje.

Galimotoyo inali nkhalamba ya turubo, chipangizo chija chowonjezera mphamvu ya injini, imene Baltazar anabwera nayo pochoka ku Zambia, ndipo anali atalumbira pamaso pa asebele ake kuti mkwatibwi adzatsika m'menemo pakhomo la tchalitchi. Baltazar ukhoza kumunyozera dazi, amangoseka, koma usayerekeze kunena kuti galimoto yake yakalamba.

"Alamu! Ichi n'chiyani?"

"Mwayi, alamu," anatero Ambrósio, mano onse pamtunda. "Khalani pansi kaye, mungagwe nayo nkhaniyi."

"Ndinakuuzani kuti chiyani ine?"

"Munati ndikhetse oliyo, ndipukute mavela, mapulagi oyatsa moto aja, ndipo ndikaona chachilendo ndichitsate mpaka kumene chikuchokera."

"Ndiye?"

"Ndiye ndachitsata."

Anamusonyeza basiya ija. Pansi pa oliyo wakuda bii panali tinthu tachikasu tikuti waliwali. Baltazar tinthuto ankatidziwa bwino lomwe: ndi mmene turubo imanyenyekera ikayamba kudya mkuwa wake. Koma kuti avomere zimenezo pamaso pa mlamu, bola kumeza mwala.

"Tizinyalala chabe ito," anatero akuyang'ana kumbali.

"Zinyalala zimayandama, alamu. Izi zikumira. Ine manja anga akalambira m'basiya."

"Kaya! Mwina fumbi la mseu wa ku Chiputo."

"Fumbi la ku Chiputo n'lofiira. Ndinayamba ndaganiza kuti kapena motoro, injini yeniyeniyo, ikuperepeseka m'kati..."

"Iyayi! Motoro iyi? Epa! Ilibe chilema ngakhale chimodzi!"

"Ndi zomwe ndinakumbukira," anatero Ambrósio akuwomba m'manja. "Ndinati alamu sanama, amatsogolera nyimbo kutchalitchi. Ngati sikunyenyeka, ndiye kuti ndi golide basi!"

Baltazar anatembenukira kuchiguduli chija.

"Chabwino. Nanga mavela mwawazuliranji onse?"

"Ndimaona ngati mtsempha wadzera m'maenje mwawo. Golide amayenda mumtsempha, alamu. Ndinapisa kamtengo, mulibe kanthu."

"Mwapisa kamtengo m'motoro?"

"Kosenda bwino, musadandaule."

"Nanga zingwe za mavela zili kuti? Chingwe chilichonse chili ndi malo akeake! Mukasokoneza, moto umafika posayenera, galimoto imangoombera ngati mfuti!"

"Zili bwinobwino. Ndazimanga mtolo umodzi, ndapachika mumtengo kuopa mbuzi."

Baltazar anayang'ana kumwamba. Zingwe zinali lende panthambi ngati mbewa zoyanika.

"Mayo ine! Nanga mukudziwa kuti chiti chinali pati?"

"Zonse n'zakuda, alamu. Sizisankhana."

"Turubo! Turubo yanga ili kuti?"

"Chija chonga nkhono? Eee, pamenepo ndiye pachimake! Mtsempha wonse wathera momwemo." Ambrósio anavundukula chidebe. Turubo inali mmenemo, itamira m'madzi a sopo, tithovu tikuphulika pamwamba. "Ndaiviika kuti ifewe. Kenako tisinja."

"Tisinja?"

"Mwala wa golide timasinja mumtondo, alamu. Achemwali andibwereka kale musi."

"Mkazi wanga Emília wakupatsani musi?"

"Anati bola ndibweze asanayambe kusinja nsinjiro."

Baltazar anavula jekete, analipinda, analivalanso. Thukuta linali litayamba kutsuka pawudala wa ometa uja.

"Tamverani, alamu. Misa ikuyamba dzuwa lisanafike pamutu. Zélia akwera chiyani?"

"Galimoto."

"Iti?"

"Yomweyi. Paja ilibe chilema."

"Ilibe chilema ikakhala yolumikiza!"

"Ooo! Zimenezo simunanene."

"Bwezerani zonse m'malo mwake! Tsopano lino!"

Ambrósio anagwira kumutu. "Kukwirira dzenje lomwe likutulutsa? Alamu, kwathu kumaenje zimenezo n'zoletsedwa. Ukakwirira, mwayi umakufulatira mpaka kalekale. Komanso ndazika kale chikhomo."

Analoza kutsogolo kwa galimoto. Panalidi chikhomo, chomangirira kansalu kofiira.

"Cha chiyani chimenecho?"

"Kuti anzanga akafika adziwe kuti mbali ya motoro ili ndi eni. Iwo ayambire kumatayala akumbuyo."

"Anzanu ati?"

"Anzanga a kumaenje. Mwayi sabisa, alamu, umathawa. Akubwera ndi mapiki."

Apa ndiye Baltazar mantha anamugwira zenizeni. Anamuona Zélia m'maganizo ataima pamseu ndi velo lake, asebele akunong'onezana, galimoto ili zidutswazidutswa. Anagwada pafupi ndi mlamu wake, maondo a buluku latsopano ali m'fumbi, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, ndinena kamodzi, ndipo musakauze munthu. Si golide ameneyo. Ndi mkuwa. Turubo yaperepeseka, yakhala ikulira ngati mwana wa mbuzi chiyambire dzinja. Mavela anatha, zingwe zinang'ambika, potsetsereka ndimazimitsa kuti ipume. Galimotoyi yakalamba, alamu. Yatha!"

Ambrósio anayang'ana basiya, anayang'ana mlamu wake, nkhope itagwa.

"Ndiye kuti munanama?"

"Ndinkailemekeza."

"Mkuwa ndithu?"

"Ndakhala ku Zambia ine. Mkuwa ndimaudziwa."

"Pepani. Ndiye ndikawauze asebele anu kuti galimoto yafa ndi ukalamba. Si awo akubwera apowo?"

Baltazar anacheuka. Kumseu kunali fumbi kobo! Asebele anali kutsogolo pa mota, njinga yawo yamoto, tayi ikuuluka paphewa, pambuyo amayi akuimba ndi nthungululu, ndipo kumapeto kwenikweni kunkaoneka anyamata a kumaenje atasenza mapiki.

Asebele anatsika, anayang'ana chiguduli, anayang'ana zingwe mumtengo, milomo ikuyamba kale kugwedera ndi chiseko.

"Asebele, kodi chombo cha mkwatibwi chija ndi chimenechi? Chadwala?"

Ambrósio anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo. "Alamu angondiuza kumene kuti..."

Baltazar anamuponda chala, n'kutola basiya ija.

"Kudwala? Galimoto yanga? Epa! Zélia akwere ngolo ya ng'ombe, muikongoletse ndi maluwa. Ino lero ili pa ntchito yaikulu."

"Koma alamu," ananong'oneza Ambrósio akutsimphina, "mwanena nokha kuti ndi mkuwa."

Baltazar anakwinya malaya m'mikono, anakhala pansi n'kuyamba kuzunguza basiya pamaso pa khamu lonse.

"Inu mumadziwa chiyani za golide? Katengeni musi, tisinje!"