Bokosi la wailesi lomwe linkangobwerera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndikufuna ndikuuzeni za nyengo yomwe ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha bokosi lachitsulo lolemera ngati njerwa ziwiri.

Ndimagwira ntchito kuno kutsidya kwa nyanja, ku Etobicoke, pa kampani yaing'ono yokonza zipangizo zamagetsi za ndege za asilikali. Chipangizo chikavuta, amachichotsa mundege n'kutitumizira, ife timachiyeza, ndipo woyezayo amasaina kuti chili bwino. Bokosi ili linali la wailesi. Woyendetsa ndege analemba kuti mawu amaduka akakhala m'mwamba. Ndinaliyeza masiku awiri osapeza vuto, ndipo ndinasaina. Linabwerera. Ndinasinthamo zinthu zabwinobwino, kungoti ndioneke kuti ndachitapo kanthu. Linabwereranso, pepala lake lili ndi dzina langa kawiri.

Abwana anandiitana. Anati nthawi iliyonse bokosilo likabwerera, ndege imakhala pansi ndipo ndalama zimangopita pachabe, moti asilikali ayamba kukayika ngati timadziwa ntchito. Likabwereranso, ine ndiye ndipita.

Sindidziwa kudziteteza ndi pakamwa. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo agogo amene anandilera ku Dedza sankakonda zolankhulalankhula. Ndinangoti, "Ndamva." Kwa masabata atatu ndinkachoka kunyumba kwanga ku Scarborough pa basi ndi sitima yoyenda pansi pa nthaka, kukakhala tsiku lonse ndikuyang'ana kamzere kobiriwira pa makina oyezera, komwe kamadumpha chipangizo chikakhala ndi vuto. Sikankasuntha. Maso ankawawa, chakudya sichinkalowa, ndipo pemphero langa linafupika mpaka kungotsala kuti, "Ndatopa, Ambuye."

Lamlungu lina titatha mapemphero, bambo Tembo, mkulu wa ku Chipata amene anagwirapo zamagetsi ku migodi, anandipeza ndikupinda mipando.

"A Mwale, nkhope iyi ndi ya pamaliro. Wafa ndani?"

Ndinawafotokozera mwachidule.

"Mumalitesta lili pati?"

"Pa tebulo, bambo."

"M'chipinda chofunda, pa tebulo losagwedera? Ngakhale nyamakazi yanga imapola m'menemo. Ndege siuluka mu ofesi. Lisiyeni lizizidwe, ndiye muligogode."

Unali mwezi wa Januwale, nyengo yozizira koopsa kuno. Lolemba ndinapempha chilolezo n'kuliika pakhomo lolandirira katundu, pomwe pamazizira ngati panja. Patatha ola ndinalilumikiza likadali lozizira, ndi kuyamba kugogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, mbali ndi mbali. Nditafika pa pulagi yakumbuyo, kamzere kanadumpha. Ndinagogodanso, kanadumphanso. Ndi galasi lokulitsa ndinaona mng'alu wochepa kuposa tsitsi, pomwe waya anawotchereredwa. Bokosi likafunda mng'aluwo unkatsekeka, likazizira ndi kugwedezeka unkatseguka.

Ndinawotcherera bwino, ndipo ulendo uno ndinasaina ndikudziwa chomwe ndikusainira.

Bokosilo silinabwererenso. Abwana sanapepese. Anangondiunjikira pa tebulo mabokosi ena amene akhala akupita ndi kubwerera chimodzimodzi, nati onsewo aziyamba azizidwa. Ntchito ndikadali nayo, ndipo ndimafikabe kunyumba nditatopa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka, nanditumizira yankho kudzera mwa munthu amene sanakhudzepo ndege. Inu amene mukuvutika ndi chinthu chomwe ena sachiona, ndipo mwayamba kudzikayikira, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atachepa. Ndipo wina akakufunsani chomwe chavuta, musanene kuti palibe. Ine ndinatsala pang'ono kunena choncho.