Ndinagwira Akamwini Anga M'chiuno

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale anga. Abusa ati ndisatalikitse, koma abusa akundidziwa. Amene mwasiya nandolo pamoto, pepani.

Ine ndinali munthu wogwetsa anthu. Ana inu mukundiona lero ndi duku loyera ndi bondo lolirali, mumayesa ndinabadwa chonchi. Kafunseni akuluakulu kuno ku Namitambo za Nagwetsa. Ameneyo ndinali ine.

Zinayambira ku ubusa. Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ndiye mbuzi ndinkadyetsa ndine, pakati pa anyamata. Kumeneko ukapanda kulimba, chinangwa chako chootcha amadya ena. Nkhonya sindinaziphunzire ayi. Nkhonya imafuna mpata. Ine ndinkamulowa munthu pafupi, chifuwa ndi chifuwa, mutu wanga pansi pa chibwano chake, manja ndamanga kumbuyo m'chiuno mwake. Ndikamukoka pang'ono, iye amakana n'kubwerera m'mbuyo. Pomwepo ndimamukola mwendo, chidendene changa kuseri kwa bondo lake. Basi, wagona chagada, akuwerenga mitambo.

Bambo a kunyumba atamwalira ndinayamba kutcheza kachasu. Azimayi ena ogulitsa mowa amafuna mwamuna wothamangitsa zidakwa zovuta. Ine sindinkafuna munthu. Ndinkangomanga chitenje, anthu n'kuyamba kusuntha mipando. Ndinagwetsa ogula fodya, ndinagwetsa wina wake wochokera ku Joni ndi jekete yake yachikopa. Ameneyo mpaka lero tikakumana pamsika amawoloka msewu, koma ndimamupempherera.

Ndinkamwanso. Ndinkati ndikulawa chabe, koma kulawa kwake kuyambira m'mawa. Ndipo ndinkadzitama kuti msana wanga sunagundepo dothi. Mawu amenewo ndiwo anali pemphero langa.

Ndiye mwana wanga Esinati anakwatiwa. Mwamuna anachokera ku Milepa, anadzamanga pakhomo panga monga mwa mwambo wathu. Dzina sindingatchule, ndi akamwini anga. Ali apo akuweramawo. Munthu wa kabaza, wochepa thupi, wopemphera, wosayankhulayankhula. Mukudziwa mmene timakhalira ndi akamwini. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Sitipenyana m'maso, sitipatsana moni wa m'manja. Mawu onse ankadzera mwa Esinati.

Tsiku lina Loweruka masana ndinatuma Esinati kuti awauze andinyamulire zigubu za kachasu kumsika. Anabwera ndi yankho. Akuti chimanga anyamula, mbuzi anyamula, wodwala anyamula ngakhale mvula ikugwa, koma chimenecho ndiwakhululukire.

Pabwalo panali podzaza, ndipo ine ndinali nditalawa kwambiri. Chidakwa china chinati, "A Nagwetsa, kodi pakhomo pano mkamwini ndi inu kapena ndi iwowo?" Anthu anaseka. Ine ndinamanga chitenje.

Iwo anali kupopa njinga pafupi ndi pamene ndinkatchezera mowa. Atandiona ndikubwera anapatuka mwaulemu kuti ndidutse. Ine sindinadutse. Ndinawalowa pafupi n'kuwagwira m'chiuno. Akamwini, abale anga.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa apa ndi pamene Mulungu anandipeza. Munthu amene wagwetsa anthu moyo wake wonse amadziwa mnzake akangomugwira. Pakamwa pamanama koma chiuno sichinama. Nditawagwira ndinamva ngati ndakumbatira chitsa. Ndinakoka, osasuntha. Ndinaponya mwendo kuti ndikole, mwendo wawo unali utachoka kale. Manja awo anawatambasula uku ndi uku kuti asandikhudze. Ndinakokanso ndi mphamvu zonse, phazi langa n'kuterereka pa matope a madzi ozizitsira mowa. Ndinayamba kugwa chagada. Kumbuyo kwanga kunali mafuwa, moto, ndi mbiya yowira.

Chimene anachita ndinachimva m'manja mwangamu. Anapotoza chiuno, tonse tinazungulira, iwo n'kudziponya pansi uko kutali ndi moto. Dzanja lawo linamenya dothi kuti phwa, ine n'kugwera pamwamba pawo ngati thumba la chimanga.

Anthu anaimba nthungululu. Ati Nagwetsa wagwetsa ndi mkamwini yemwe. Ndinadzuka, ndinasasa chitenje, ndinalandira ulemu wanga. Koma pabwalo lonselo ndinkadziwa ndi ine ndekha kuti sindinagwetse munthu.

M'mawa mwake anamanga zovala panjinga n'kubwerera kwawo ku Milepa. Akanakhala bwanji? Anzawo a kabaza ankawafunsa ngati msana wapola. Ana ankasewera zogwetsana, wina n'kumati ine ndine apongozi. Ankhoswe anapita, anabwerako manja ali m'khosi. Akuti kwawoko akana, mwana wawo sangabwerere kumudzi kumene apongozi amagwira akamwini m'chiuno.

Esinati anali woyembekezera, mimba yoyamba. Sanandilalatire. Akanandilalatira bwenzi zili bwino, zimenezo ndinkazidziwa kuyankha kwake. Iye ankangokhala pakhonde la nyumba yawo kuyang'ana kunjira. Belu la njinga likalira ankadzuka, kenako n'kukhalanso. Banja la mwana wanga linali kutha, ndipo wolithetsa ndinali ine.

Ndinayesa kumwa kuti ndiiwale. Mowa unakana. Ndikatseka maso ndinkamva chiuno chija chikupotoka kundichotsa pamoto. Munthu ndamuchititsa manyazi pagulu, iye n'kusankha kugwa kuti ine ndisapse. Zimenezi sizinkalowa m'mutu mwanga. Kwathu ku ubusa kunalibe zotere.

Tsiku lina ndinagwira tambala wanga wamkulu, uja ndinkasungira Khirisimasi, n'kuuyamba ulendo wa ku Milepa. Wapansi. Anyamata a kabaza onse anandikana. Wina anati, "Mayi, pokwera mumagwira woyendetsa m'chiuno, ndiye ife tili ndi ana aang'ono." Ndinaseka ndekha m'njira, ngakhale mtima unali wolemera. Tambalayo anandinyera pachitenje kawiri, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mayi awo anandilandira, mayi wamfupi wa maso akuthwa, anatisiya chaka chatha, Mulungu awasunge. Anandiyalira mphasa kuseri kwa nkhokwe, mwana wawo n'kumukhazika mbali inayo, kuti tiyankhulane osaonana. Ndiye ine ndinkayankhula ndi nkhokwe, nkhokwe n'kumandiyankha.

Ndinati, "Bambo, ine sindinakugwetseni. Zimene zija munaziphunzira kuti?"

Anati ali mlonda ku Limbe ankapita kumasewera aja a judo, ovala zoyera aja, ogwirana malaya n'kumaponyana pansi. Akuti kumeneko sayamba n'kukuphunzitsa kugwetsa. Amayamba n'kugwa. Umagwa, umadzuka, umagwanso, mpaka thupi lisiye kuopa pansi.

Ndinati, "Nanga osandigwetsa bwanji? Mukanatha."

Anati, "Amayi, kumbuyo kwanu kunali moto. Manyazi anga apola. Ndiponso Ambuye Yesu anagwa m'malo mwanga pamalo oipa kuposa paja, anthu akumuseka. Ine ndangogwera pa dothi."

Abale anga, ine maulaliki ndinali nditamvapo ambiri, pamaliro makamaka. Ankangodutsa. Koma uwu ndinali nditaumva kale ndi manja anga, tsopano unangopeza mawu ake. Ndinaona kuti moyo wanga wonse ndinali kugwa chagada kulunjika kumoto, kwinaku ndikudzitama kuti sindigwa. Ndipo panali Wina amene anadziponya pansi kuti ine ndigwere pa Iye.

Ndinagwa chafufumimba pamphasa paja, ndinalira ngati mwana. Tambala anapeza mpata n'kuthawa, ana a mudzi wonse n'kumuthamangitsa. Mayi aja sanasamale za tambala. Anandigwira mutu n'kuyamba kupemphera, Chinyanja, Chilomwe, zonse pamodzi. Anandifunsa ngati ndikumulandira Yesu. Ndinati ndamulandira, andilandire Iye ngati akufuna chidakwa chokalamba. Ndinadzuka wopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Koma mayi aja anali ochenjera. Anati, "Amwali, kulira taona. Mwana wanga abwerera tikamva kuti moto wa kachasu wazima, ndiponso kuti amene anamuseka amva zoona."

Ndinabwerera kwathu. Loweruka lotsatira makasitomala anabwera monga mwa masiku onse, anapeza mbiya ndatsuka, ndathiramo thobwa. Ndinaima pabwalo pomwe paja n'kuwauza kuti akamwini anga sindinawagwetse, anagwa dala kundipulumutsa kumoto, ndipo akanafuna akanandipinda ngati mphasa. Ena sanakhulupirire. Chidakwa chija chinati ndalodzedwa. Ndinati, "Khalani pansi achimwene, imwani thobwa." Kale bwenzi nditamukhazika ndekha. Anamwa makapu awiri. Lero ndi uyo amaimba besi mu kwaya, asaweramitse mutu, ndamuona.

Sizinali zophweka ayi. Chilakolako cha mowa chinkandibwererabe. Amayi anzanga a mpingo uno ankabwera kudzakhala nane masana, tikusenda chinangwa n'kumaimba mpaka chilakolako chidutse. Mulungu akudalitseni amayi inu, ngakhale chinangwa changa munatha.

Ndiye tsiku lina ndikupalira kuseri kwa nyumba, ndinamva belu la njinga. Ndinamva Esinati akuthamanga, ndi mimba yakeyo, ine n'kumakuwa kuti pang'onopang'ono iwe. Sindinatuluke. Ndinagwada m'munda momwemo pakati pa nandolo, khasu lili m'manja, ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe. Njinga yomweyo ndi imene inamutengera Esinati kuchipatala nthawi yake itakwana. Mdzukulu wanga ndi uyo wagona kumsana kwa mayi wakeyo, wonenepa ngati agogo ake.

Mulungu ndi wabwino, abale anga. Anandichotsa pamowa, anandichotsera mtima wodzikuza, anabweza banja la mwana wanga. Alemekezeke.

Tsono iwe amene wakhala kumbuyoko, amene umati ine palibe angandiuze, ine sindigonja kwa munthu, ndikukudziwa chifukwa ndinali mkulu wako. Watopa. Kulimbalimba kumatopetsa. Bwera kutsogolo kuno pamene kwaya ikuimba, udzagwade. Ngati mawondo akuvuta ngati angawa, tigwada limodzi, ndipo podzuka tidzutsana. Yesu akukudikira.

Amen.