Ndinathyola Mkono wa Mlamu Wanga Chifukwa cha Msewu

Inu omvera, ine ndimayendetsa minibasi ya ku Chilenje. Dzina langa ndalibisa chifukwa cha manyazi.

Chaka chatha kunali msonkhano wa m'dera lathu. Anatiuza kuti ndalama zikwanira ntchito imodzi yokha, kufukula ngalande yodzaza zinyalala kapena kukonza msewu. Ife madalaivala tinakuwa kuti tikufuna msewu.

Mlamu wanga, amene anakwatira mlongo wanga, anaimirira n'kundiloza chala. "Ba mulamu, imwe muganiza chabe matayala. Bana banga bagona patebulo mvula ikabwela!"

Anthu atandiseka ndinapsa mtima. Ndinanyamula benchi n'kumumenya nayo. Iye anatchinga ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Atagwa ndinamuponda kumaso, magazi ali chuchuchu, mpaka azimayi anandikoka.

Msewu anaukonzadi, koma ngalande ija anaisiya. Mu Januwale madzi anasefukira m'nyumba mwa mlamu wanga, koma mkono wopunduka uja unalephera kunyamula ana awiri nthawi imodzi. Wamng'onoyo anamuvuula ndi aneba atamwa kale madzi akuda, ndipo anagona m'chipatala sabata yathunthu.

Nditapita kukapepesa, mlongo wanga anandiyankhira pawindo: "Olo ukamvele kuti nafa, usabwele pamalilo."