M'busa wa Anthu Osakhalitsa

Malemu amene atisonkhanitsa pano anabadwa pa 9 Okutobala 1994, mwana wachitatu m'banja la ana asanu. Ine ndine malume awo, ndipo abale andituma kuti ndinene mbiri yawo.

Bambo awo anali telala, choncho malemu anakulira pakhonde la sitolo, pafupi ndi makina osokera. Ntchito ya malemu inali yocheza ndi makasitomala. Munthu ankabwera atakwiya chifukwa cha thalauzi losatha, n'kubwerera akuseka, thalauzilo osalitenga. N'chifukwa chake pakhomo tinkawatchula kuti Wailesi.

Anayamba sukulu mu 2000 ndipo anamaliza sekondale mu 2012. Mu 2014 analowa sukulu ya ubusa, n'kudzozedwa mu 2018. Pa 21 Ogasiti 2021 anamanga banja ndi mphunzitsi wa kupulayimale, mayi akubusa amene akhala pakati pa azimayi apawa.

Mu Juni 2023 akuluakulu a mpingo anawatuma kutsidya la nyanja kukatumikira amalinyero, anthu ogwira ntchito m'sitima zikuluzikulu zonyamula katundu. Mapepala a mayi akubusa sanatuluke, ndiye malemu ananyamuka okha, kusiya mayi ali oyembekezera. Pabwalo la ndege anatilonjeza kuti mwana akamabadwa adzakhala alipo.

Kumeneko anawapatsa kachipinda pamwamba pa kachisi wa padoko: bedi, tebulo, mbaula yamagetsi, ndi zenera loyang'ana mulu wa makontena. Sitima ikafika, ankakwera makwerero ake achitsulo atanyamula chikwama cha magolovesi, zipewa zaubweya ndi makhadi a foni. Amalinyerowo anali a mitundu yosiyanasiyana, ndipo ambiri sankamvana nawo chiyankhulo. Ankalandira khadi, n'kupita pakona kukaimbira akwawo. Malemu ankaima poteropo, chikwama chili m'manja, kudikira ngati wina angafune pemphero. Akati azolowerane ndi munthu, m'mawa mwake ankapeza pamene panali sitima pali madzi okhaokha.

Lamulungu loyamba anandandalika mipando yonse, koma sipanabwere munthu. Analalikira ndithu. Amene anawamva ndi mayi wina wachikulire wokolopa m'kachisimo, yemwe anaimika mopu mwaulemu mpaka ameni, ngakhale sanatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Masabata ambiri ankatha motero.

Kwa ife sankadandaula. Ukawafunsa ankangoti, "Zonse zili bwino, amalume, kungoti kuno anthu sapatsana moni." Koma tinaona kuti munthu wa nkhani zosatha uja wayamba kuchepa mawu. Akaimba foni kwa mayi awo owabereka ankapempha kuti, "Amayi, musadule. Ingoikani foniyo patebulo, inu muzipitiriza zanu." Ankakhala chete, kumamvera mbale zikugundana, ana akulimbirana mpando, mlongo wawo akukalipira mphaka. Sankafuna china.

Mu Disembala chaka chomwecho, bambo wina wophikira amalinyero anagwa m'sitima n'kuthyoka nyonga. Anamutengera kuchipatala, sitima yake n'kunyamuka osamudikira. Anatsala m'dziko la eni ndi zovala zimene anavala basi. Malemu atapita kukamuona anamupeza atayang'ana kukhoma, chakudya chitazizira pambali. Panalibe chiyankhulo choti n'kumvanirana. Anakoka mpando, n'kutenga supuni, n'kuyamba kumudyetsa.

Kuyambira pamenepo ankapita tsiku lililonse. Ankamumeta ndevu, kumuchapira zovala, ndi kumugwirira foni poimbira ana ake. Wophikayo ankayankhula chakwawo, malemu n'kumayankha m'Chichewa, onse awiri n'kumagwedeza mitu ngati akumvana. Tinamva kuti anamwino ankaima pakhomo kumaseka. Masiku amenewo mawu awo pafoni anatsitsimuka. Anauza mayi akubusa kuti, "Tsopano ndili ndi nkhosa imodzi, ndipo iyiyi singathawe, ilibe mwendo."

Tchuthi chawo chinali cha mu Januwale 2024, ndipo tikiti inali itagulidwa kale. Koma opaleshoni yachiwiri ya wophikayo inagwera sabata la ulendowo, ndipo panalibe wina womudikirira. Malemu anavutika mumtima. Anaimbira mayi akubusa n'kuwapempha kuti asunthe ulendowo ndi mwezi umodzi. Sitibisa, anamfedwa, kuti nkhaniyi inawawa. Mayi anawafunsa kuti, "Nanga ine ndi wa yani?" Malemu anayankha kuti, "Inu muli ndi amayi, muli ndi alamu anu. Uyu ali ndi ine ndekha." Mayi analira, koma anavomera.

Mwana wamkazi anabadwa pa 18 Januwale. Malemu anamuona pafoni ali m'khonde la chipatala, atavala jekete lonyowa ndi mvula. Analowa m'chipinda cha odwala n'kumaonetsa chithunzicho bedi ndi bedi, kwa anthu osawadziwa n'komwe.

Nyengo imeneyo kunkazizira koopsa, ndipo iwo ankayenda pansi kuchokera kudoko kupita kuchipatala. Anayamba kutsokomola, koma ankati n'chimfine chabe. Pa 6 Febuluwale mayi wokolopa uja anaona kuti kachisi sanatsekulidwe. Atakwera pamwamba anawapeza ali gone pansi, akupuma movutikira, sutikesi ya ulendo ili yotsekula pabedi, m'katimo muli timadiresi ta mwana. Madokotala anati n'chibayo, ndipo chinali chitafika pena.

Anawagoneka m'chipatala chomwe chija, m'nyumba yapamwamba. Wophikayo atamva, anatenga ndodo zake n'kukwera, ngakhale anamwino anamuletsa. Anakhala pambali pa bedi, kumawanyowetsa milomo ndi kansalu. Pamene manja awo anakanika, ndiye ankawagwirira foni pakhutu kuti amve mwana wawo akulira. Malemu anatisiya pa 11 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 29, dzanja lawo lili m'dzanja la bamboyo.

Asiya mayi akubusa, mwana wamkazi amene sanamunyamulepo, mayi awo owabereka, achimwene awiri ndi alongo awiri. Bambo awo anatsogola kale mu 2016.

Tikuthokoza akuluakulu a mpingo amene anayendetsa zonse kuti thupi lifike kuno, madokotala ndi anamwino a kumeneko, mayi wokolopa amene analongedza katundu wawo, aphunzitsi anzawo a mayi akubusa, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira.

Pomaliza, mwina mwakhala mukudabwa ndi mlendo wa ndodo amene wakhala kumapeto kwa benchi uyo. Ndiye wophika uja. Tikiti yopita kwawo anapatsidwa, ana ake akumudikira, koma anakana kuti bokosi likwere ndege lokha. Zonse ndanenazi sanamvepo kanthu. Sadziwa nyimbo zathu, sadziwa munthu aliyense pano. Ndikupempha achimwene a malemu kuti musunthe mukakhale naye pafupi, ndipo popita kumanda mumugwire mkono.

Mphwanga, wafika kwanu. Mzimu wa malemu uuse mumtendere.